Tsiku Limene Ndinayanika Laputopu Pamphasa

Si chilichonse chimene chimayanikidwa padzuwa. Ine zimenezi ndinazidziwa mochedwa, pamaso pa anthu.

Amuna anga, bambo ake a mwana wathu Luyando, amayendetsa galimoto ya alendo, ndipo laputopu yawo yakale imatsala kunyumba kwathu ku Libuyu. Ine ndinkadziwapo njira imodzi yokha: kuyatsa, kudina kachikwama kachikasu, n'kumaona zithunzi. M'menemo munali chithunzi cha malemu mayi anga atanyamula Luyando ali wakhanda, ku Simonga. Chinali chokhacho, poti foni imene inajambula inagwera m'ndowa kalekale.

Tsiku lina bambo ali pa ulendo, ndinafuna kumuonetsa mwana agogo ake. Nditangodina, kamuvi kolozera pa sikirini kanaima nji. Ndinadina mabatani onse (ena mochita kuwanyengerera), koma ayi ndithu. Ndinazimitsa n'kuyatsanso, n'kuzimitsanso. Inkayaka, n'kuuma pakati panjira. Nditayandikiza khutu ndinamva kaphokoso mkati: tche, tche, tche.

Apa ndinati matenda ndawapeza. Ine ndimagulitsa nyemba pakhomo, ndiye za tizilombo todya zamkati palibe angandiuze. Kuimbira bambo foni ndinachita manyazi, kuopa kuti aziti ndawononga. Laputopuyo ndinaipendeketsa n'kuigogoda kumsana kuti kachilomboko katuluke. Sikanatuluke. Ndinaigwedeza ngati ndikupeta. Kanangolirabe.

Tsono nyemba zikafumbwa timaziyanika, tizilombo timathawa tokha. Ndinayala mphasa, nyemba mbali ino, laputopu mbali iyo, yotsegula bwinobwino, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ine ndinakhala pambali, patapata ali m'manja, kudikirira mdani.

Anandipeza choncho ba Namakau, anansi athu.

"Bamake Luyando, ni zingati mulu wa makompyuta?"

"Muli kachilombo," ndinayankha chapansipansi.

Anaseka mpaka kugwira mpanda. Koma ataikhudza n'kupsa chala, kuseka kunatha. Anaikulunga m'chitenge. "Berekani mwana, tiyeni."

Anandipititsa kwa ba Mutinta, mayi wokonza makompyuta m'kashopu kena pafupi ndi msika wa Maramba. Munali anthu, ndipo ba Namakau sadziwa kunong'ona. Nkhani yonse anaifotokoza, ndi ya patapata yomwe.

"Munaigwedeza?" anafunsa ba Mutinta.

"Pang'ono."

"Pang'ono kuti? Monga lichero!" anatero ba Namakau (mboni yosaitanidwa, ndipo pogwedezapo panalibe).

Ba Mutinta sanaseke, milomo yokha ndiyo inkanjenjemera. Anayatsa kamodzi, kumvetsera, n'kuzimitsa msanga.

"Mulibe kachilombo, mama. Nthawi zina kompyuta imauma chifukwa cha mapulogalamu, ivo sivivuta. Manje iyi ni hadi disiki, kamene kamasunga vintu vonse. Mukati muli kambale kozungulira na kasingano. Kakayamba kulira so, kali pafupi kufa. Mufunika kuzimya chabe, osati kugwedeza."

Ine amene ndimalephera ngakhale kuuza kondakitala kuti ndafika, ndinangomva pakamwa panga patuluka mawu okweza: "Muli amayi anga m'menemo!"



Ba Mutinta anasiya ntchito imene anali nayo. Anamasula kadisiki kaja, kukalumikiza ku kompyuta yawo, n'kuyamba kukopera zithunzi pang'onopang'ono. Kankati kakayenda, n'kuima, mtima wanga n'kuimanso. Zithunzi zambiri za ukwati wathu zinakana, zina zinatuluka theka (pa chimodzi bambo anatsala miyendo yokha). Luyando anagona, kudzuka, kuyamwa, kugonanso. Kenako mayi anga anaonekera, duku wawo wobiriwira ali kumutu, akumwetulira kamwana kofiira. Ndinalira, ndipo ba Namakau, oseka anthu aja, ndiwo anandiposa.

Chithunzicho ba Mutinta anandiikira pa fulashi ndi pa foni, china n'kundisindikizira papepala. "Chintu chimene mukonda osasunga pamalo amodzi," anatero.

Zimenezo ndinamva ndipo ndimatsata. Chimene chinandikanika ndi kuthokoza. Ndinangogwada pang'ono n'kutuluka. M'mawa mwake ndinakazinga mtedza, kuumanga bwino m'pepala, kukausiya pabenchi la pakhomo pa shopu yawo, ine liwiro. Benchilo linali la wometa tsitsi wa khomo linalo. Mpaka lero bamboyo akandiona amakweza dzanja n'kufunsa kuti wina ubwera liti.

Ba Mutinta, ngati izi zingakupezeni, mtedza uja unali wanu.