Mabuleki a Njati

Lolemba

Mwana wanga Tiyanjane akukwatiwa Loweruka lino. Ntchito tagawana kale. Amake ali ndi zophika, alamu anga ali ndi mipando, yanga ndi imodzi yokha: kunyamula mkwatibwi kuchoka pano pa Kapata mpaka kutchalitchi, pa galimoto yanga, Njati.

Njati ndinaigula kuntchito ndili mlangizi wa zaulimi, eni ake atatopa nayo. Imakoka ndi matayala onse anayi. M'matope siinandigonekepo. Tiya yemweyu atabadwa anachoka kuchipatala ali m'manja mwa amake, pampando wakutsogolo wa Njati. Ndiye ukwati wake apite pa chiyani china?

Vuto n'limodzi. Ndikaponda buleki, kwiiii! Ngati nkhumba yomangidwa panjinga.

Lero Tiya wagwada mwaulemu n'kundiuza kuti kulirako kukapanda kutha, akwera galimoto ya amalume ake a mkwati wathu, Yohane. Akuti zaka zonse za kusekondale ankabisala kuseri kwa kalasi, chifukwa ndikangofika pamahampu a mumsewu anzake ankayamba kale kumuimbira kuti adadi ako abwera. Zimenezi sindinkazidziwa. Ndaseka, koma zandilasa.

Ndalonjeza. Pulani yanga:
1. Kutsuka.
2. Kuyang'ana bwinobwino.
3. Basi. Makaniko sakufunika.

Lachiwiri

Ndatsuka matayala onse ndi sopo waufa wa amake Tiya. Ndowa zisanu. Ndakwawira pansi, ndayang'ana nthawi yaitali. Zitsulo zonse zilipo, ndipo zikuoneka za mtendere.

Kuyesa mumsewu: kwiiii! Ndangoiyeretsa mawu.

Malangizo odumpha mpanda, osawapempha:
A Zulu a pagolosale akuti ndithire phulusa.
Mayi wogulitsa makala akuti ndizikweza wailesi, sindidzamva kanthu.
A Banda, aneba anga, amene chuma chawo chonse cha matayala ndi wilibala: "Chilichonse cholira chimafuna mafuta, achimwene. Chitseko, wilibala, ngakhale munthu."

Ndawaseka onse. Ine, munthu amene ndinaphunzitsa alimi a thonje zaka makumi atatu, ndikamvere mwini wilibala?

Koma mawu aja akungondizungulira m'mutu.

Lachitatu

Gilizi, chitini chimodzi. Ndavula matayala akutsogolo, ndapeza mapadi, tizitsulo timene timapana gudumu kuti liime. Ndapaka mosaumira, ngati mayi akudzoza mwana wopita naye kusikelo.

Ndaliza injini. Ndayenda pang'ono pabwalo. Ndaponda. Zii! Palibe kulira! Ndatulutsa mutu pawindo kuti amake Tiya aone nkhope ya mwamuna wodziwa zinthu. Ndapondanso. Zii. Koma Njati ikupitabe.

Zimene yadutsa:
mphasa ziwiri za chimera cha thobwa la ukwati;
chingwe cha zovala, ndi zovala zomwe;
beseni limodzi, limene silidzakhalanso beseni.
Waiimitsa ndi mtengo wa gwafa.

Nkhuku za kompaundi yonse zafika paphwando la chimera, zoitanidwa ndi zosaitanidwa. Amake Tiya sanakalipe. Bola akanakalipa. Angoima, manja m'chiuno.

"Mwachita bwino, atate ake Tiya. Yasiyadi kulira."

A Banda atseka zenera lawo pang'onopang'ono.

Lachinayi

Ndaitana a Mbewe, makaniko wa kumsika. Abwera panjinga ndi thumba la masipanala. Avula padi limodzi, alikhudza, anunkhiza chala. Ayang'ana ine. Ayang'ananso chala.

"Wachita ichi ndani, mdala?"

Ndati ana a masiku ano. Pakhomo pano mwana wamng'ono ndi mkwatibwi. A Mbewe sanafunsenso.

Akuti gilizi amapaka kumsana kwa padi, pang'ono ngati mchere wa m'phala, osati kumaso kwake. Akuti awa ndawapha, tifune atsopano. Tazungulira mashopu onse a m'tauni, dzuwa likuswa mtengo. Wogulitsa wina wafunsa ngati galimotoyo ikuyendabe. Wina waitana mnzake wa shopu yoyandikana kuti adzaone padi lakale, ngati ndabweretsa fupa la chinyama chimene chinatha. Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Mphwake wa a Mbewe ku Lusaka wawapeza. Atumiza pa basi, afika mawa. Mawa ndi Lachisanu. Nthawi ikadalipo!

Njati yagona panjerwa, yopanda matayala akutsogolo. Azimayi odzathandiza kuphika ayanika kale mbale paboneti.

Tiya wadutsa ndi diresi lake la ukwati m'pulasitiki. Wayang'ana njerwazo, wayang'ana ine, walowa m'nyumba.

Lachisanu

Kusitesheni kuyambira m'mawa. Basi yafika dzuwa litapendeka. Katoni yokongola, yomatidwa bwino. Ndainyamula ndi manja awiri mpaka kunyumba.

Tatsegula. Timapadi ting'onoting'ono ngati mabisiketi. Ta kagalimoto ka m'tauni kamene kamaopa ngakhale chithaphwi.

A Mbewe avula kapusi, akanda m'mutu, avalanso. Njira yatsala imodzi: akale omwe aja. Awatsuka ndi petulo. Awaotcha pambaula ya amake Tiya, pakati pa mapoto a nkhuku za ukwati. Awakhula pasimenti ya pakhonde. Utsi wakuda, azimayi akutsokomola, akundilalatira ndi maso.

Kuyesa. Ikuima! Ambuye alemekezeke, ikuima! Koma tsopano ikulira mawu awiri, kumanzere okweza, kumanja otsika. Lolemba ndinali ndi woimba mmodzi, lero ndili ndi kwaya.

Tiya wandipeza ndikusamba m'manja pampopi.

"Adadi, mwayesetsa, ndaona. Koma ndikwera motoka ya amalume ake a Yohane."

Ndati palibe kanthu, mwanawe. Kanthu kalipo. Ndakakhala mu Njati ndekha, mawindo otseka, mpaka atandiitana kukadya. Mtima ukuwawa, ndipo wolakwa sindikumuona wina koma ine.

Ntchito yanga yatsopano: kukatenga azakhali ake a Tiya ku Madzimoyo mawa m'mawa.

Loweruka

Ukwati ndi teni koloko. Ku Madzimoyo ndafika seveni. Anandiuza azakhali atatu. Ndapeza asanu ndi anayi, thumba la mtedza, mtondo ndi munsi wake za mphatso, ndi mbuzi yamoyo. Mmodzi akusamba. Wina wasowa duku lofanana ndi chitenje. Wina sakwera asanamwe tiyi. Foni yanga yathima.

Tanyamuka teni itadutsa. Suti yonse thukuta. Mumsewu ndikuganiza chinthu chimodzi chokha: galimoto anandilanda, tsopano mwana wanga alowanso m'tchalitchi atagwira dzanja la munthu wina.

Za kutchalitchi andiuza amake pambuyo pake. Ansembe akuyang'ana wotchi. Akuchimuna akunong'onezana. Anthu agwirizana kuti amalume ake amulowetse, mwambo uyambe. Tiya wakana, waima pakhomo ndi maluwa ake. Amunyengerera, wakana. Kenako wakweza chala kuti onse akhale chete.

"Adadi awo. Ali pa hampu loyamba. Atsala atatu."

Akuti tchalitchi chonse chawerenga naye limodzi. Kwiiii! Atsala awiri. Kwiiii! Limodzi. Pofika pachipata azakhali m'galimoto aimba nthungululu, a pakhomo ayankha, mbuzi yalowerera, Njati pamwamba pa onse. Ansembe akuti abisa nkhope m'buku.

Ndamulowetsa ndine. Dzanja langa lili ndi gilizi m'zikhadabo. Wandinong'oneza kuti ndachedwa. Akuseka, misozi ikutsika, ndipo ine ndayang'ana kudenga njira yonse kuti yanga isagwe.

Thobwa lachepa. Aliyense akudziwa chifukwa chake.

Lamulungu

Akwati akupita ku Lusaka, kumene Yohane amagwira ntchito. Ya amalume ilipo, yoyera, yonunkhira. Tiya wakweza masutikesi mu Njati osafunsa munthu. Wakhala kutsogolo, mwamuna wake kumbuyo ndi mtondo.

Njira yonse ndayenda ngati kamba, ndikuchepetsa liwiro ndi magiya kuti ndisamuchititse manyazi. Pofika pasitesheni wandigwira mkono.

"Pondani, adadi."

Ndaponda. Sitesheni yonse yacheuka. Iye wagwira foni kunja kwa windo, akujambula kulirako. Akuti ndikamamuimbira, foni yake izilira choncho. Akuti ndisakonzenso.

Basi yapita.

Zotsala:
mapadi anayi osalowa paliponse;
theka la chitini cha gilizi, ndapatsa a Banda, akadzoze wilibala;
mtengo wa gwafa wopendekeka.

Ndasiya. Ilire momwe ikufunira.

Ndafika pakhomo tiyi ali kale patebulo. Amake Tiya akuti andimva ndikadali kumahampu. Makapu aika atatu. Tawayang'ana tonse awiri, ndipo palibe amene wachotsa lachitatulo.