Mmene Ndinafufutira Alimi a ku Madzimoyo

Mpaka lero ndikamadutsa ku Madzimoyo ndimakokera chipewa kumaso. Palibe amandifunsa kanthu, koma ine ndikudziwa chimene ndinawachita anthu a kumeneko.

Zaka za m'ma 1990 zikupita kumapeto, ndinali kalaliki pa kaofesi kena kothandiza alimi mu Chipata muno. Miyezi itatu ndinapalasa njinga mudzi ndi mudzi ku Madzimoyo, kulemba mayina a ofuna mbewu ya mtedza ndi thonje. Mayi Tembo, otayipa athu, analowetsa zonsezo m'kompyuta ndi zala zawo za nyamakazi. Chinatsala n'kutumiza fayiloyo ku likulu lathu ku Lusaka kuti lole ya mbewu ifike mvula isanagwe.

Kale fayilo tinkaikopera pa disiketi n'kuitumiza pa basi. Chaka chimenecho anatilumikizira kompyuta ku waya wa foni, ndipo wopita ku maphunziro a masiku awiri ndinali ine. (Tsiku loyamba ndinasinza, lachiwiri maganizo anali pa nkhuku ya masana.) Ndinabwerako ndikuyenda ngati dokotala.

Kotumizirako kankatchedwa ftp. Zithunzi zodina panalibe, panali mdima bii ndi kamzere kophethira, iwe n'kumalemba mawu. Ofunika anali awiri: put, kutumiza fayilo yako uko, ndi get, kukoka ya uko kubwera nayo kuno. Awiri okha, abale anga. Mwana wa giredi wani akanawasunga.

Lachisanu m'mawa bwana wathu, a Jere, anaima kumbuyo kwanga limodzi ndi mayi Tembo. Modemu yolumikiza kompyuta ku foni inalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, n'kulumikiza. Ine poganiza kuti olandira ndi a ku Lusaka, ndinalemba get ndi dzina la fayilo. Sindinadziwe kuti kumeneko kunali fayilo ya dzina lomwelo, fomu yopanda kanthu imene anatipatsa poyamba. Inabwera mwakachetechete n'kukhala pamalo pa yathu.

"Yapita?" anafunsa a Jere.

"Panopa akuiwerenga, bwana."

"Msanga chonchi?"

"Ndiyo sayansi imeneyo."

Pofuna kuonetsa kusamala, ndinatenga disiketi imene mayi Tembo ankasungirapo ntchito yawo, n'kukoperapo fayilo ya m'kompyuta ija. Apa kompyuta inayesa kundipulumutsa, inafunsa ngati ndikufunadi kufufuta yakale. Ndinavomera ndi chala chimodzi, dzanja lina lili pa kapu ya tiyi.

Lolemba a ku Lusaka anaimba kuti sanalandire kanthu. Ndinatsegula kope la ku maphunziro, n'kuona kuti ndinasemphanitsa mawu. Ndinaseka pang'ono, ndinalemba put, n'kutumiza. Posakhalitsa foni inaliranso.

"Bwanji mwatibwezera fomu yathu yomwe?"

Ndinatsegula fayilo. Pamwamba panali mitu itatu: dzina, mudzi, mbewu. Pansi pake mbee!

Mayi Tembo sanakalipe. "Musadandaule, bambo, disiketi ilipo," anatero. Anailowetsa okha, anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo mosamala kwambiri.

"Nanga mapepala aja munalembapo ku midzi?" anandifunsa mayi Tembo.

Mapepalawo ndinali nditawapereka Lachisanu lomwelo kwa mayi wogulitsa zitumbuwa pa geti, nditalengeza kuti nthawi ya mapepala yatha. Ndinathamangirako tayi ali pa phewa.

"A kalaliki, ambiri anapita ndi makasitomala," anatero mayiyo. Anandipatsa ochepa otsala, onyowa ndi mafuta. Mudzi wathunthu unali utakulunga zitumbuwa za madalaivala opita ku malire a Mwami.

A Jere anangoloza njinga. Ndinayambiranso, dzuwa la Okutobala likuwotcha msana. Kulikonse funso linali limodzi, koma amene anandilasa ndi a Zulu, mlimi wachikulire amene ulendo woyamba anandipatsa mpando ndi thobwa.

"Mwabweranso? Kodi dzina langa lasintha?"

"Kompyuta inameza mayina, agogo."

"Inameza yokha?"

Ulendo uno mpando sunatuluke.

Mvula inagwa ine ndikadali m'midzi. Lole inafika anthu ena atapalira kale chimanga, n'kutitimiranso m'matope. Mtedza wa chaka chimenecho unali mphwephwa zokhazokha, ndipo mabanja amene ankaudalira anavutika zenizeni. Apa ngakhale ine sindipeza choseketsa.

Ntchito sanandichotse, koma ftp anaipereka kwa mayi Tembo. Anaiphunzira masana amodzi, popanda nkhuku.

Anzanga amati ndinaphunzirapo kuwerenga kawiri ndisanadine. Kaya. Chimene ndikudziwa n'chakuti lero mwana wanga akanditumizira chithunzi cha mdzukulu pa foni, ndimamuimbira kaye ndisanachitsegule, kumufunsa ngati iye watsala nacho chake.