Vodika ya M'chitini cha Penti

Inu, tamverani, basi ikachedwa musadandaule, ndili ndi nkhani ya Andakoti. Mukumudziwa, wopenta nyumba uja, wamtali ngati makwerero ake omwe, amene nsidze zake sizinaonekepo zakuda chiyambireni ntchito. Munthu wabwino, wolimbikira, koma ali ndi nthenda imodzi: akaona chinthu kamodzi, basi waphunzira, zofunsa ayi.

Chimene chinkamudya mtima Andakoti ndi alamu ake, mkulu wa mkazi wake, mayi wa saluni. Mayi ameneyu pakamwa pake sipazizira. Akabwera kudzacheza ankayamba wapukuta mpando ndi kansalu asanakhale, kenako n'kuyamba kumvera chisoni mng'ono wake, mwamuna ali pomwepo: kuti anali chiphadzuwa, kuti ankamufunsira anthu a mataye, iye n'kukasankha munthu wonunkha thina wa penti. Mkazi wa Andakoti ankangoweramitsa mutu n'kumathira tiyi. Kuwerama kumeneko n'kumene kunkamupweteka Andakoti, chifukwa ankaganiza kuti mkazi wake amachita naye manyazi.

Ndiye anapeza ntchito yopenta pa hotelo ina. Ali pamwamba pa makwerero anaona bambo wa pa bala akupanga chakumwa: vodika pang'ono, madzi a zipatso, jinja, kamtengo ka sinamoni, ayisi, zonse m'kachitini kasiliva, n'kukhutchumula cha kuphewa uku akumwetulira. Chakumwa chinafika pa tebulo chili chofiirira, chothetheka, azimayi otchena n'kumaomba m'manja. Chimene Andakoti sanaone, poti nthawi imeneyo anatembenuka kukaviika bulashi, n'chakuti soda amathira pomaliza, m'tambula, kukhutchumula kutatha. Paja safunsa anadya phula, ndipo Andakoti sanafunse.

Kunyumba anafika akuvina. Anauza mkazi wake kuti aitane achemwali ake Loweruka masana, adzaone kuti wopenta nayenso amadziwa za pamwamba. Mkazi anafunsa ngati sikungakhale bwino kungowaphikira tiyi monga mwa masiku onse. Andakoti anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo iye nyimbo yake waipeza.

Kusitolo vodika anagula, soda anagula mabotolo akuluakulu, zipatso anagula. Koma kachitini kasiliva kaja atamva mtengo wake anaseka mpaka kugwira shelefu. Kugula chitini, iyeyo? Munthu woti kuseri kwa nyumba kuli zitini mpaka kudenga? Anakasankha chachikulu, chatsopano, choti penti sinalowemopo, n'kuchitsuka ndi sopo mpaka kudziona nkhope.

Loweruka litafika anavala ovolosi yochapa n'kuthamangitsa mkazi wake kukhitchini. Chinanazi, mphesa zofiira ndi malalanje anazisinja ndi chigwiriro cha rola yopentera. Posefa sanavutike: wopenta aliyense amadziwa kuti penti ya mibulu imasefedwa ndi sokosi yopyapyala ya azimayi, ndiye anakazula ya mkazi wake m'kabati, ija yosungira maukwati. Jinja anapala mulu. Sinamoni atamununkhiza anati ndi waulemu kwambiri, sakumveka, n'kuwonjezera tsabola. Kenako, poti anagwira ntchito yabwino, anadzipukuta thukuta m'maso ndi chala chomwecho chogwira tsabola.

Alamu anagogoda pakhomo Andakoti ali pa mpopi, mutu m'sinki, akulira ngati mwana wolandidwa mpira. Mkazi anawauza achemwali ake kuti bambo akukonza kanthu kapadera. Alamu anati akumva, ndipo akumvanso chisoni.

Diso litatseguka, inafika nthawi yoyesa vodika. Andakoti sakhulupirira utoto asanaupake pakhoma, ndiye analawa. Anati imeneyo ndi koti yoyamba, siioneka bwino. Analawanso. Koti yachiwiri inayamba kugwira. Pofika yomalizitsa anali akuimbira chinanazi nyimbo, diso limodzi lili psuu.

Ayisi naye anali ndi zake. Andakoti anaumitsa madzi m'beseni lonse, poti timabokosi toumitsira ayisi tija ankati n'tamasewera, ndiye chinatuluka chimwala chimodzi. Anachimenya ndi hamala. Chidutswa china chinatsetsereka pansi, kudutsa kunsi kwa chitseko, kuwoloka pabalaza ponse, mpaka kukaima pa nsapato ya alamu. Alamu anachiyang'ana, n'kufunsa mng'ono wake ngati kumeneko ndiye kulandira alendo kwa masiku ano.

Tsopano tcherani khutu. Andakoti anathira zonse m'chitini: madzi a zipatso, jinja, tsabola, kamtengo ka sinamoni, vodika yotsala, ayisi, ndi soda yense, botolo ndi botolo, mpaka m'khosi. Anaika chivindikiro n'kuchikhomerera ndi hamala mozungulira, monga achitira kuti penti isalowe mpweya. Ndiyeno anakhutchumula. Abale, munthu ameneyu ntchito yake n'kudzutsa penti yogona chaka chathunthu! Anachikhutchumula cha kuphewa monga bambo wa pa bala, anachizondotsa, anachigudubuza pansi ndi phazi kuchoka pa furiji kukafika pa chitseko n'kubwerera. Chitini chinatupa kunsi mpaka kukanika kukhazikika, chikulira kuti tsiii m'mbali. Andakoti anamvetsera n'kugwedeza mutu mokhutira, anati chapsa.

Anatulukira pabalaza kansalu kali pamkono, matambula pa thileyi, chitini m'khwapa. Alamu anali atavala diresi loyera ndi wigi yatsopano yofika m'chiuno, ndipo anali pakati pofotokoza za dokotala wina amene mpaka lero amafunsabe za mng'ono wawo. Andakoti anaika chitini pa tebulo, pamaso pawo penipeni, n'kutulutsa sikuludiraiva m'thumba.

"Alamu, izi za ku hotelo. Mulawe, kenako muyankhule."

"Chitini cha penti?" anatero alamu, n'kuweramira pafupi kuti aone bwino choti akanene.

Phuu! Chivindikiro chinanyamuka, kuphwanya babu, kukaluma siling'i. Pambuyo pake panatsata chimtsinje chofiira choimirira, chimene chinagunda kumwamba n'kubwerera ngati mvula ya matalala, poti ndi ayisi yemwe anali momwemo. Makatani, kalendala, chithunzi cha ukwati, zonse zinamwa. Koma gawo lalikulu linapita kwa mlendo, monga mwa ulemu. Wigi inasunthira kumbuyo n'kulendewera pa khutu limodzi, thovu likutsika pamphumi, kamtengo ka sinamoni katakhala pa phewa.

Alamu anatsegula pakamwa kuti ayambe. Jinja ndi tsabola zinawafika m'mphuno, n'kuyetsemula. Anayesanso, n'kuyetsemulanso. Mawu anakana kutuluka, inu, ngakhale limodzi. Anangotola chikwama chawo, kuchikhuthula madzi, n'kutuluka nsapato zikulira tchwa tchwa. Mng'ono wawo anawathamangira ndi thaulo mpaka kumsewu.

Andakoti anatsala yekha, mowa wonse utamuthera m'mutu. Anavundikira chitini chija n'kukhalapo, siling'i ikumudonthera pa dazi. Mtima unamuwawa zenizeni. Ankafuna kuti mkazi wake adzutse mutu pamaso pa achemwali ake tsiku limodzi lokha, ndipo tsopano wamuwonjezera manyazi oti adzawanyamule mpaka ukalamba. Anayamba kukonza mawu opepesera, koma onse ankaoneka ochepa.

Mkazi analowa, kutseka chitseko, n'kuchitsamira atabisa nkhope m'manja. Mapewa ankagwedezeka. Andakoti anagwada m'madzi a chinanazi momwemo.

"Mayi, pepani. Ndakuchititsani manyazi. Diresi ndikagula, makatani ndichapa ndekha."

Mkazi anachotsa manja kumaso. Misozi inalipo ndithu, koma inali ya phwete. Anatsetsereka ndi chitseko mpaka kukhala pansi, akuseka mogwira nthiti, akuloza siling'i, akulephera kupuma.

"Manyazi ati, bambo? Ine ndimawerama kuti ndisawatukane, ndi akulu anga. Chibadwireni changa achemwali akhala akuyankhula. Lero ndawaperekeza mpaka pa siteji ya basi osamva liwu ngakhale limodzi."

Andakoti anali chigwadire. Mkazi anapukuta misozi, kunyambita kadontho kamene kanamugwera pa dzanja, n'kunena kuti tsabola wachuluka pang'ono koma si zoipa. Kenako anamugwira mwamuna wake pa phewa n'kutsitsa mawu.

"Sabata yamawa kukubwera azakhali, nawonso pakamwa sipazizira. Mukagule soda wambiri."