Achemwali pa Sikelo ya Nandolo

Lolemba
Lachisanu achemwali akubwereranso ku Blantyre kukalandira dilipi ya khansa ya m'bere. Ulendo watha anasanza masiku atatu, ine mtima kuwawa. Koma lero ndakumbukira zimene ananena anesi: mankhwala aja amayeza poona msinkhu ndi kulemera kwa munthu. Achemwali anga, mayi wathupi lake, makilo 94! Ndiye kuti botolo lonse limathera mwa iwo. Nzeru zandibwerera: thupi likachepa, mankhwala achepa, kusanza nakonso kuchepa.
Malamulo atsopano pakhomo pano:
shuga ayi,
nsinjiro ayi,
mandasi asaonekere n'komwe.
Iwo: "Iwe, ukundidwazika kapena ukundilanga?"

Lachiwiri
Amayi a mpingo abwera kudzazonda. Wozonda matenda sabwera chimanjamanja: chigumu, thobwa, mbatata, kalongonda mbale yodzaza tho! Ndikuyesa kuzembetsera kuseri, amayi atcheya andigwira ndi diso. "Wodwala adye ife tikuona." Akudyadi, pakati pa nyimbo. Ine ndadya chigumu theka lonse, kuwathandiza ntchito.

Lachitatu
Sikelo ya kuchipatala ili kutali, ya venda wogula nandolo ili pamsewu pompa. Achemwali alowa m'thumba, amuna atatu akuwakweza pa mbedza, nthambi ya mango ikulira. Anthu kuseka, iwo kuseka kuposa onse. 85! Makilo naini m'masiku awiri! Ndikululutira njira yonse. Anesi aja andilembe ntchito basi.

Lachinayi
Alamu, amuna awo a achemwali, andizimitsira moto m'mamawa. "Mlamu, sikelo ijatu ndi yogulira. Thumba langa la makilo fifite linasanduka fote-thuu pomwe paja." Mayo ine! Ndagulitsapo nandolo kangati pamenepo, ndikutukwana chamumtima, dzulo n'kukaikhulupirira ngati Baibulo.
Masana achibale a ku Nchema atulukira ndi tambala kukhwapa. Ungam'bweze mlendo ndi nkhuku yake? Mafupa okha atsala.

Lachisanu
Chipatala. Sikelo yeniyeni: 95. Ndikuulula zonse kwa adokotala, ndi za thumba zomwe. Akuvula magalasi kuti aseke bwino, kenako nkhope yasintha. "Mayi, mankhwala timapereka a thupi lomwe lilipolo. Munthu wonenepa tikam'chepetsera pomumvera chisoni, matenda amatsala. Musawamanenso chakudya, akufunika mphamvu."
Manyazi! Achemwali, dilipi ili pamkono: "Adokotala, mulembe zimenezo m'buku langa, akaziwerenge kunyumba ameneyu."

Loweruka
Kusanza kwayamba. Beseni, madzi, chitenje chonyowa pamphumi, beseni kachiwiri. Ndapita ndekha kukagula mandasi otentha, ndawaika pampando pafupi nawo. Akungotembenukira kukhoma. Alamu akusesa bwalo losesa kale.

Lamulungu
Kutchalitchi sindipita. Zochepetsa munthu ndazisiya, thupi ndi lawo, muyezo ndi wa adokotala, ntchito yanga ndi beseni. Ndikuopa, kunama ayi. Mayi athu atamwalira anandilera ndi iwowa, ndilibe wina.
Masana alandira phala masipuni anayi, osabweza. Maso otseka, mawu apansipansi: "Phala lanji lopanda mchere? Unaphunzira kwa ndani kuphika?"
Munthu wodandaula mchere sanapite kulikonse. Ndathamangira kukhitchini, ndikuseka misozi ili m'masaya.