Kamfuti Kachitsulo ka M'chiuno Mwanga

Inu a Likhutcha, mwayambanso kupukusa mutu ine ndisanatsegule n'komwe pakamwa? Mumatopetsa. Munthu woti mfuti munangoionera patali paphewa la wapolisi, lero mukufuna kutsutsana nane za pisitoli? Khalani pansi, minibasi yanuyo sidzaza msanga, ndipo ndikanama mphenzi indipeze pompano pa Migowi dzuwa likuswa mtengo.

Zinali zaka zija matipate atangobwera, aliyense akufuula za ufulu, akuba nawonso n'kutengapo ufulu wawo. Ine ndinkagula nandolo kwathu ku Nkhulambe n'kumapalasa naye kudutsa pampata wa Fort Lister kudzagulitsa kuno, ndiye tsiku lina anyamata a zikwanje anandiimitsa pampatapo masanasana, n'kundilanda njinga, nandolo, nsapato, malaya mpaka buluku, moti ndinalowa m'mudzi nditavala thumba la feteleza, amayi a mvano akutuluka kumene m'tchalitchi. Akazi anga sanafunse ngati ndavulala, anangofunsa kuti thumbalo ndi la yani. Mukumva? Tsiku lomwelo ndinalumbira kuti ndipeza mfuti yoyenda nayo mobisa.

Ndinawoloka malire kupita kwa mlamu wanga Jowawo, amene anamenyako nkhondo ya ku Mozambiki n'kutsala ndi katundu wake pansi pa nkhokwe. Poyamba ananditulutsira chimfuti chachitali chija cha asilikali, akuti ndichilowetse m'mwendo wa buluku, ndipo nditatero mwendo unauma gwa ngati mtanda wa denga, bondo osapindika, njinga osapalasika, anthu odutsa n'kuyamba kundipepesa kuti matendawa andiyamba liti. Ndinachikana. Anatulutsa ina yopepuka, theka lake pulasitiki, akuitama kuti ndi yamakono, koma titaisiya pamwala n'kumadya makaka, dzuwa la kumeneko linaifewetsa mpaka inapindika ngati nthochi, kukamwa kwake kuloza mwini wake. Ndinamuuza mlamuyo kuti pulasitiki ndi wa ndowa ndi mabeseni, asandiphe ndili ndi ana aang'ono.

Apo m'pamene anapisa dzanja m'mphika n'kutulutsa kanthu kakuda, kokwana m'chikhatho chokhachi, kachitsulo kokhakokha kuyambira kukamwa mpaka kuchigwiriro, kozizira ngati madzi a m'phiri. Ndinakayesa pokagwetsera pamwala uja, ndipo mwalawo unang'ambika pakati, madzi n'kutumphuka, anthu a mudzi umenewo akutungabe pomwepo mpaka lero. Ndinati kanga ndi komweka.

Koma kubisa kwake, abale, ndi kumene kunandiyeretsa tsitsi. Kakang'ono choncho, kulemera kuposa thumba la simenti. M'thumba la jekete kanaboola n'kundiswa chala chakuphazi, palamba kanadula lamba, buluku n'kundigwa pakati pa msika uno azimayi a tomato akuona, mpaka ndinadula chubu cha njinga n'kukamangirira m'chiuno ndi mphirayo, malaya pamwamba. Kanabisika mwakuti akazi anga anaganiza kuti ndatupa chiuno, n'kumandimwetsa mizu yowawa dzinja lonse, ine n'kumamwa, poti ndikanati chiyani? Mukuseka chiyani a Likhutcha? Mizu imeneyo munailawa inu?

Tsono linafika tsiku. Njinga ndinali nditabwereka kwa mkulu wa mpingo, munthu woti ikasowa ndiye kuti ndichoke m'mudzi, nandolo ali phaa pakaliyala, ndipo nditangofika pampata paja, anyamata omwe aja tulukiru m'thengo, wamkulu wawo atavala buluku langa lomwe lija, atalipinda m'miyendo ngati lake. Ndinapisa dzanja m'chiuno, ndikoke, mphira ikana, ndikokenso, mphira ingotanuka, iwo akuyandikira, ine thukuta kamukamu ndikutukwana chubu, ndikutukwana Jowawo, mpaka mphira ija inaduka n'kukaponya kamfutiko ngati mwala wa palegeni, kanakamenya wamkulu uja pamphumi, n'kunjanja kukagunda phiri la Michesi, anyani onse a kumeneko n'kusamuka tsiku lomwelo, kuchoka apo kanawoloka mpata kukagunda la Mulanje, n'kubwerera katafiira psuu ngati kachokera kwa wosula makasu, kanadula zikwanje zonse pakati, kanadutsa pakaliyala n'kukazinga nandolo yense mpaka fungo linamveka ku Phalombe, kenako n'kudzagwera mwakachetechete m'thumba la malaya anga. Chipsera ndi ichi, gwirani. Gwirani, mukuopa chiyani?

Anyamatawo anabalalika, ndipo wamkuluyo anathawa liwiro loti anatuluka m'buluku, bulukulo n'kutsala chiimire pamsewu, ine n'kungolipinda n'kuika pakaliyala. Kuyambira pamenepo ngakhale nkhalamba inkadutsa pampata paja itasenza nkhuku popanda woifunsa, koma palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzati zikomo.

Mukuti ndinaombera kangati? Mwaona, mafunso anu ndi omwewa. Kuombera ndi chiyani? Zipolopolo Jowawo anati abweretsa akakolola, ndipo anakolola, n'kukololanso, mpaka tinakamuika m'manda asanabweretse ngakhale chimodzi.

Kamfutiko kali kuti? Madzulo a tsiku lomwe ndinabalalitsa anyamata aja, akazi anga pochapa malaya anakapeza, ndipo anangoti, "Ndiye mizu yanga yonse ija ndimathera chitsulo?" Anakanyamula ndi manja awiri n'kukakaponya m'chimbudzi, chimbudzicho n'kutitimira nthawi yomweyo, denga lokha kutsala likuoneka. Chili kuseri kwa nyumba yanga ku Nkhulambe. Amene akukayikabe anyamuke tipite, khasu ndimubwereka ine.