Moni Wanga Unatha Bandulo ku Lirangwe

Mukadzafika ku Lirangwe n'kumva amayi akukodolana kuti "uyo akubwera uyo, Bambo Moni," musadzavutike kufunafuna. Ndine. Dzinali sindinalipemphe, ndipo tsiku limene ndinalipata thukuta linandinyowetsa kuyambira kolala mpaka lamba. Koma ndineneretu adani anga asanakuuzeni zawo: tsamba lija la pa intaneti likugwira ntchito mpaka lero, ndipo analikonza ndine.

Ine geni yanga ndi mafoni. Ndili ndi kabenchi pa Chileka, ndimagula akale, kuwapukuta, n'kugulitsa. Mpamba wanga weniweni ndi pakamwa. Ndinanenererapo bokosi la maliro mpaka kalipentala anawonjezera mtanda waulere (anali maliro a amalume, munthu amene sanagulepo kanthu pa mtengo woyamba, ndiye sakanakwiya). Lamulo langa ndi limodzi: kasitomala sumuyamba ndi malonda. Umupatse moni, umufunse za kunyumba, za ana, mudandaule limodzi za mvula. Akafewa, ndiye foni ituluke m'thumba.

Tsono ndili ndi alamu anga, a Nachisale, akulu awo a mayi a kunyumba kwanga. Ndi telala ku Lirangwe, munthu wosaseka mwachisawawa, tepi yoyezera ili m'khosi ngati anabadwa nayo. Amaphunzitsanso amayi kusoka, koma ambiri ankasiyira panjira chifukwa cha mtunda. Munthu wa ku Mdeka sangakwere kabaza tsiku ndi tsiku kudzaphunzira kuika zipi. Ndiye alamu anajambula maphunziro awo pa foni, mavidiyo a kuyeza, kudula ndi kulumikiza, n'kupeza malo pa intaneti owasungirako. Chinatsala ndi khomo lake: tsamba limene munthu amafikira, n'kulembetsa, n'kutsegula phunziro.

Atanena kuti akufuna kuitana munthu wa m'tauni, ndinamva ngati anditukwana.

"Alamu, wa m'tauni wa chiyani ine ndilipo?"

"Inu alamu, kugulitsa foni ndi kukonza tsamba n'zimodzi?"

"Wogulitsa nkhuku dzira amalidziwa."

"Loweruka la sabata yamawa ndaitana amayi onse. Akaona kuti zikutheka, alembetsa. Zikakanika pamaso pawo, sadzandimveranso, ndipo sukuluyi yafa isanabadwe. Mwamva?"

Ndinati ndamva. (Ndinamva theka. Theka linalo ndinali kuganiza za jekete yoti ndidzavale.)

Zinthuzi sizovuta monga amaopsezera anthu a mataye. Amakupatsa tsamba lopangidwa kale, iwe n'kumasintha: mtundu, dzina, chithunzi, batani liti likhale pati. Sabata yonse ndinali chiweramire pa benchi. Ndinasankha mtundu wobiriwira umene alamu amaukonda. Maphunziro ndinawandandalika bwinobwino, n'kutseka kuti munthu asalumphe kukadula nsalu asanadziwe kuyeza. Mawu onse a Chingerezi ndinawachotsa, n'kuikapo athu. Mpaka pamenepo, lembani kuti ndinali katswiri.

Koma tsambalo linali lamwano. Ukangotsegula, mawu oyamba: "Lembetsani apa." Basi! Popanda moni, popanda mwadzuka bwanji, ngati kondakitala wa minibasi. Ndinati ayi, amayi a ku Lirangwe si mbuzi zoti ungozilozera khola.

Ndinafufuza mpaka ndinapeza pamene amalola kuika masamba otsogolera. Loyamba ndinaika chithunzi cha alamu, chachikulu, choti ukhoza kuwerenga ulusi wa pa kolala, ndi mawu akuti "Muli bwanji?" Pansi pake batani: "Ndili bwino, kaya inu." Lachiwiri: "Kunyumba mwasiyako bwanji?" Batani: "Kuli bwino." Lachitatu: "Nanga ana ndi bambo?" Batani: "Onse ali bwino." Lachinayi linali la mvula, ndipo ndinaikapo vidiyo ya chimanga chikugwedezeka ndi mphepo, imene ndinajambula ndekha m'munda wa eni ake. Lachisanu, chithunzi cha mkeka: "Zikomo, khalani pansi." Kenako ndinachonga kabokosi koti munthu asadutse osayankha, poti wosayankha moni kwathu kuno timamukayikira.

Ndinayesa pa foni yanga, zinkangoti phethi, phethi. Chimene sindinaganize n'chakuti pa Chileka netiweki ndi yonenepa, ndipo foni yanga zithunzizo inali itaziloweza kale pamtima. Ndinali ngati munthu woyesa nsapato atakhala pampando.

Loweruka ndinafika ku Lirangwe jekete ili pathupi, dzuwa lili pamutu. Amayi anadzaza pakhonde pa shopu ya alamu, ena pansi pa mtengo wa mango. Aliyense anali atagula kabandulo ka tsiku limodzi, kongokwanira kuona phunziro loyamba. Pakati pawo panali Abiti Yusufu, mayi wa geni ya nsomba zouma wa ku Mdeka. Alamu anali atandinong'oneza kale kuti amenewo akalembetsa, onse alembetsa, akanyamuka, onse anyamuka.

Ndinatsokomola, n'kunena kuti tsopano aliyense atsegule.

Pa mafoni onse, kagudumu kaja kosonyeza kuti tsamba likutseguka kanayamba kuzungulira. Kanazungulira. Kanazungulirabe.

"Achimwene, kakungozungulira aka."

"Dekhani mayi, kakupsa."

Kenako chithunzi chinayamba kutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Duku. Chipumi. Pa maso chinaima. Tangoganizani mafoni onse aja, aliwonse ali ndi maso a alamu akundiyang'ana, kuwonjezera eni ake maso ataima pakhomo.

"Kwanga afika pa mphuno!" anakuwa mayi wina.

"Mwayi wanu, kwanga akadali duku."

Kuseka kunabuka. Nanenso ndinaseka nawo, mwa kasekedwe kaja ka munthu amene thalauza lamuthekera pa ukwati. Patapita nthawi, olimba mtima anadutsa tsamba loyamba, n'kudutsa lachiwiri. Pa lachitatu Abiti Yusufu anaika foni pamwendo.

"Achimwene, tabwerani. Apa akuti ndidine kuti onse ali bwino. Bambo kwathu agona ndi mwendo wotupa, ino ndi sabata yachiwiri. Ndiname?"

"Ingodinani mayi, ndi mwambo chabe."

"Mwambo wonamitsa anthu? Ine munthu akandifunsa ndimamuuza. Poyankhira zoona pali pati?"

Panalibe. Ine amene ndimati ndimadziwa moni, ndinaiwala kuti wofunsa amayenera kukhala ndi makutu.

Nthawi yomweyo mafoni anayamba kulira mauthenga, uku ndi uku. Amene anafika pa tsamba la mvula, vidiyo ija inawamwera zonse.

"Mayo ine, bandulo yanga yathera m'munda wa chimanga!"

"Chimanga chake chobiriwira chonchi n'cha kuti? Kwathu chinapsa kalekale, ndipo akuti ndidine kuti mvula ili bwino!"

Alamu sanakalipe. Anavula tepi m'khosi n'kuyamba kuipinda pang'onopang'ono, chinthu chimene sindinaonepo chikwatirireni m'banjamo.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "amayiwa moni ndawapatsa kale m'mawa ndi pakamwa panga. Abwera kudzaona mkono wa diresi."

Abiti Yusufu anaimirira n'kumanga chitenje. Ena anayamba kufunafuna masilipasi. Ndipo apa, abale anga, ndi pamene magazi anga anadzuka. Za masamba ndikhoza kuphonya, koma kasitomala amene akuchoka ndiye munda wanga.

"Mayi, ola limodzi lokha!"

"Mphindi zisanu."

"Iii, mukundipha. Makumi anayi."

"Khumi. Ndili ndi wodwala kunyumba."

"Makumi awiri, ndipo ndikabwera nditsegula foni yanga, nonse mukoke intaneti pa ine."

Anandiyeza ndi maso ngati chambo chokayikitsa. "Makumi awiri, ndi thobwa la onse."

"Thobwa... chabwino." (Linali tsiku loyamba m'moyo wanga kugonja pa basela.)

Ndinadumphira kabaza mpaka ku msewu waukulu, n'kukwera pamulu wa njerwa pamene netiweki imapumirako. Jekete ndinaipachika pa mtengo. Ndinayamba kudula. Mkeka, kunja. Chimanga, kunja. Ana ndi bambo, pepani, kunja. Chithunzi cha alamu ndinachichepetsa mpaka chinafanana ndi batani la malaya. Mavidiyo a maphunziro ndinawauza kuti azitseguka mopepuka, osati mwa ulemerero wa pa kanema. "Lembetsani apa" ndinamukweza pamwamba, wamkulu, wamwano wake yemweyo.

Koma nditafika pa moni woyamba, chala chinakana. Ndinasiya kamzere kamodzi kopanda chithunzi, "Muli bwanji, kunyumba kuli bwanji?", ndi kabokosi koti munthu alembe zimene zilidi, kapena angodutsa.

Nditabwerera ndinapeza thobwa lili pakati, ndipo alamu anandilanda foni asanandipatse mpando.

"Ichi n'chiyani?"

"Basela, alamu. Sichidya bandulo."

"Mayankho ake azipita kwa ndani?"

"Kwa inu, eni sukulu."

"Ayi. Wafunsa ndinu. Azibwera kwa inu, ndipo muziyankha."

Ndinavomera msanga, poti wogwidwa sanenerera.

Tinayamba ndi foni ya Abiti Yusufu, yong'aluka pakona, yonunkhira usipa. Anadina. Kagudumu kanazungulira kamodzi, mtima wanga kasanu. Kenako manja a alamu anaoneka, choko uku, sizasi uku, ndi mawu awo: "Mkono wa diresi sitidula mowongoka, taonani apa." Amayi anaunjikana mitu pamodzi. Abiti anabweza vidiyo ija, n'kuionanso, n'kubwezanso.

"Ndiye pamenepa ndi pamene ndinkalakwitsa," anatero. "Zaka zonsezi ana anga akuvala madiresi okoka kukhwapa."

Analembetsa. Asanatero anadzaza kabokosi kanga ndi nkhani yonse ya mwendo, kuyambira tsiku limene unayamba kutupa. Ena onse anatsatira, wina akuthandiza mnzake kupeza zilembo. Alamu anabwezera tepi m'khosi, n'kunena osandiyang'ana kuti, "Tiyi alipo, musanapite." Amene amawadziwa a Nachisale akuuzani kuti imeneyo ndi mendulo.

Lero ndikakhala pa benchi foni siipuma. Ndikudziwa kuti bambo a kwa Abiti ayamba kuyenda ndi ndodo. Ndikudziwa mbuzi ya ndani yabereka mapasa, mwana wa ndani wakana sukulu, apongozi a ndani abwera osanena tsiku lobwerera. Onsewo ndimawayankha, kasitomala wa foni ataima akudikira. Mayi a kunyumba amati ndichotse kabokosiko ndisanasanduke mlangizi wa mabanja. Ndimawafunsa kuti m'Blantyre yense muno, tsamba lina lofunsa munthu za kwawo n'kumumvera analiona kuti?

Phunziro ndinalitola: chinthu cha anthu a ku Lirangwe uzikachiyesera ku Lirangwe, pa foni yong'aluka. Koma zoti moni unali wolakwa, zimenezo ayi. Ndipo chikundiwawa china. Munthu akamaliza phunziro, tsambalo limangomusiya choncho, osatsazika. Ndawauza alamu za katsamba kamodzi kokha, kopepuka, ka "muyende bwino, mukapereke moni kunyumba." Ati ayi, ndipo ayi wake wogwira tepi.

Palibe kanthu. Ife a pa benchi timadziwa kuti ayi woyamba ndi poyambira chabe.