Limu Yathu Ili pa Mtambo

Amene akuti ndinagulitsa limu ya tchalitchi kwa ogula zitsulo pa Zalewa abwere adzanene pamaso panga, asamanong'onezane kuseri kwa kachisi ngati mmene akuchitiramu. Ine ndine Yotamu Sande wa kuno ku Ligowe. Sukulu ndinalekeza sitandade faifi, koma kulemba ndimatha, ndipo ndalemba izi kuti ziwerengedwe Lamulungu likubwerali, tsiku limene akulu a mpingo akuti ndikapereke chitsulo cholizira belu kwa munthu wina. Belu wathu, kwa inu osadziwa, ndi limu yakale ya tayala la lole imene inkalendewera pa mtengo wa mango kutsogolo kwa tchalitchi, ndipo woiliza wakhala ine kuyambira ena mwa akulu a mpingowa akadali kubelekedwa kumbuyo. Lero limuyo palibe, n'zoona. Koma sinagulitsidwe.

Chaka chatha mpingo unakonza ulendo wokalalikira ku Lesotho, dziko la mapiri kuseri kwa Joni. Anasankhana odziwa Chingerezi okhaokha, patsogolo a Chimbalanga amene anali aphunzitsi, ndipo ine anandiika kumapeto chifukwa panafunika wonyamula katundu. Palibe kanthu. Ndinangofunsa kuti, kodi anthu a kumeneko tikawaitana ndi chiyani? A Chimbalanga anati, "A Sande, kunja kuli mabelu enieni, si za malole zanuzi." Ndinati chabwino. M'mawa wa ulendo ndinamasula limu, ndinaikulunga m'chiguduli pamodzi ndi chitsulo cholizira, n'kuilowetsa pansi pa matumba a kachewere amene tinatenga ngati mphatso. Munthu supita ku dima wopanda khasu lako.

Tinadutsa Mwanza, tinadutsa Tete, tinayenda mpaka matako anaiwala eni ake, kenako msewu unayamba kukwera, n'kukwera, n'kukwerabe, mpaka basi inaima chilili moti ine wa kumpando wakumbuyo ndinkamuona dalaivala pamwamba panga ngati ndili pansi pa chitsime. Ife a ku Neno timadzitama ndi mapiri, koma athuwa mukawaika kumeneko ndi mizere ya mbatata basi. Kumene kuja phiri lililonse labeleka linzake kumbuyo, ndipo lobelekedwalo nalonso labeleka lake, mpaka maso amatopa n'kubwerera okha. Pamwamba pake m'poyera ngati wina anayanika ufa wa dziko lonse n'kuiwala kuanula. Mbalame zinkauluka pansi pathu, timaziona kumsana. Dzuwa limatulukira kumapazi, ndipo kunali zii moti ndinkamva ndevu zanga zikumera. Mukumva?

Tinafika pa katchalitchi ka miyala pakati pa mapiri. Belu weniweni uja panalibe. Anthu a kumeneko samanga pamodzi ngati ife, munthu mmodzi phiri lake ndi nkhosa zake, moti a Chimbalanga atati tiyende khomo ndi khomo, anachoka m'mawa n'kubwera madzulo ataona khomo limodzi, nalonso lotseka. Abusa athu analalikira kwa mabenchi. Mawa lake analalikiranso kwa mabenchi, ndipo nkhosa ina inasuzumira pakhomo n'kubwerera. Abusa atatuluka anakhala pamwala, Baibulo pa maondo, n'kunena motsitsa kuti, "Mwina Ambuye sanatitume kuno." Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Ndinapita ku matumba aja, ndinasolola chiguduli changa.

Tsono limu ili ndi khalidwe lake. Ikakhala pansi silira, imangoti phu ngati beseni lobooka. Imafuna kulendewera. Ndinayang'ana uku ndi uku, dziko lonse lija mulibe mtengo ngakhale wopachikapo chipewa. Panali nkhalamba ina yoweta nkhosa, itafunda bulangete mpaka m'makutu, chilankhulo sitimvana, koma ndinaionetsa ndi manja kuti ndikufuna popachika. Inaloza ndi ndodo kuseri kwa tchalitchi. Kumeneko kunali mtambo utagona pa udzu ngati ng'ombe yokhuta. Paja mitambo ya kumeneko imatsika kudzagona pansi, moti oweta amachita kuithamangitsa ndi ndodo kuti nkhosa zipeze podya. Ndinausisita pamsana, unali wonyowa ngati mphuno ya mwana wa ng'ombe, ndinauzunguliza chingwe cha mphira pakhosi, ndinamanga mfundo yomwe ija ya pa mtengo wa mango, ndipo utadzuka pang'ono limu inalendewera bwinobwino pa msinkhu wa chifuwa changa.

Ndinamenya.

Abale anga, kulira kuja kunachoka pa limu n'kukagunda phiri loyamba, phirilo linapatsira linzake ngati mmene amayi amapatsirana njerwa tikamamanga, linzakelo linaonjezerapo mawu ake n'kupatsira lina, lina besi, lina mawu ang'ono, mpaka mapiri onse anali kwaya imodzi yoimba ndi limu ya lole ya ku Ligowe, ndipo mtambo uja unadzidzimuka n'kunyamuka, ine dzanja lina lili pa chingwe, lina lili pa chitsulo. Ndikanatha kusiya. Koma woliza belu akayamba salekeza pakati, anthu angaganize kuti kwagwa maliro. Ndiye ndinapita nawo.

Tinakwera pang'onopang'ono ngati utsi wa m'mawa. Abusa anasanduka nyerere, basi inasanduka njere ya chimanga, mitsinje inasanduka ulusi woyera umene telala wataya pansi, ine ndikumenyabe. Ndipo ndinaona kuchokera ku phiri lililonse anthu akutsika pa mahatchi, mabulangete ofiira, obiriwira, achikasu, ngati maluwa akuyenda okha, agogo atakwezedwa kutsogolo, makanda kumbuyo, nkhosa zikutsatira pamzere osadya udzu ngakhale pang'ono, onse akulowera ku katchalitchi ka miyala kaja monga madzi amalowera kudambo. Mtambo sunaleke kukwera. Ndinadutsa mapiri oyera aja n'kuwaona pa liwombo. Nditatembenuka ndinaona dziko lonse litayalidwa ngati mphasa, Joni ndi utsi wake, Zambezi akung'anima, ndipo uko kumapeto ndinaona Neno, ndinaona minda ya manachesi, ndinaona mtengo wa mango ndi nthambi yake yopanda kanthu, ndinaona mkazi wanga Nangozo ali kudimba ataweramira mpiru. Nditamenya anadzutsa mutu. Tsiku limenelo amayi a ku Ligowe anasamba n'kupita ku tchalitchi, kafunseni. Ena akuti linali Lachinayi, amayi amakumana kale Lachinayi. Nanga anafika onse pa nthawi yake chifukwa chiyani, zimene sizinachitikepo?

Pamwamba penipeni mphepo inaleka. Kuzizira kunaleka. Kunali kuwala kopanda kochokera, ndipo chapatali ndithu kunkamveka nyimbo, osati zathu zino, nyimbo yoti ukaimva umakumbuka amayi ako akukusambitsa. Kuno pansi timapemphera motalika ndi mokuwa chifukwa mtunda ndi wautali. Kuja n'pafupi, kukuwa ungachite manyazi. Ine amene pa misonkhano ya mpingo sindipatsidwa pemphero, ati ndimasokoneza mawu, ndinangonong'ona kuti, "Ambuye, ndine Yotamu." Ndipo ndinamva, osati m'makutu koma muno m'nthiti, kuti, "Ndikudziwa. Liza." Sanandifunse kuti ndinalekeza kalasi yanji. Ndinalira, abale, misozi n'kumagwa, ikafika pansi yasanduka ufa woyera uja, ana n'kumatola. Ndinaliza mpaka phewa linachita dzanzi.

Pobwerera mtambo unadutsa mokhudza nsonga ya phiri lina, ndipo poona kuti belu wakwana ndinasiya chingwe n'kugwera mu ufa muja mpaka m'khosi, chitsulo chili m'manja. Nkhalamba ija inandizula ndi hatchi ngati chinangwa. Limu inatsala pa mtambo. Ndinaiona ndi maso angawa ikupita, ikung'anima, yalunjika kuno kwathu.

Ku tchalitchi ndinapeza anthu adzaza mpaka pa mapiri oyandikana, abusa akulalikira misozi ili mbwee, womasulira akulephera kuwapeza. Analalikira mpaka mawu anawathera, anthu n'kupitiriza okha kuimba. Lero a Chimbalanga akuuza anthu kuti khamu lija linabwera chifukwa mbusa wa tchalitchi cha komweko anatumiza uthenga pa foni, ndipo ati ine anandipeza kuseri kwa tchalitchi nditagona m'chiguduli ndikunjenjemera ndi malungo. Chabwino, malungo. Kodi malungo amanyamula limu ya lole? Ngati sinapite ndi mtambo, anene iwowo kumene ili, paja ndi ophunzira.

Ngakhale m'nyumba mwanga momwe mulibe mtendere. Dzana Nangozo akuti, "Bambo a Feliya, ingopepesani kwa akulu, nkhani ithe."

Ndinati, "Ndipepese kuti ndinaitanira Mulungu anthu?"

Akuti, "Nanga mtambo wanuwo chaka chonsechi uli kuti? Kapena anaugwira pa boda, ulibe pasipoti?"

Ndinawauza kuti mtambo wolemedwa suyenda ngati basi, umapuma pa phiri lililonse. Anangoti mmm n'kupitiriza kusankha nyemba.

Tsono akulu a mpingo, mumve. Chitsulo sindipereka. Mwapachika chisilinda cha gasi pa mtengo paja, chimene chimalira ngati mbuzi ya chimfine, ndipo mukufuna woliza watsopano. Muikeni, azimenya ndi mwala. Chitsulo ichi ndi cha limu, ndipo limu ili m'njira. Mvula yayandikira. M'mawa uliwonse ndisanapite kumunda ndimakwera kaphiri ka kuseri kwa nyumba yanga n'kuyang'ana mbali ya ku Mozambique, mitambo ikubwera ndimaiona umodziumodzi. Wanga ndidzauzindikira msanga, umayenda chopendekera mbali imodzi. Tsiku limene mtambowo udzaime pamwamba pa tchalitchi chathu, limu ikulendewera pamene makwerero anu safika, mudzatuma munthu kwathu kuti a Sande abwere. Ndidzabwera, poti si belu wanu. Koma amene adzanditenge akhale a Chimbalanga, wapansi.